Mwana Womaliza wa ku Zilibwino

"Ana achuluka."

"Achuluka bwanji, poti chaka chatha tinalamula kuti achepe?"

"Sanamve. Ana a masiku ano samva."

"Ndiye alipo angati?"

"Onse, kapena ovutika okha?"

"Pali kusiyana?"

Funso lomalizali linachokera pampando wachifumu, choncho panalibe woseka. Mfumu Mwinizonse Wachinayi, mwini dziko la Zilibwino, sankafunsa kawirikawiri, ndipo akafunsa nduna zinkayang'ana pansi ngati zataya singano. Woyenera kuyankha anali Wolemekezeka Gwirampando, Nduna ya Ana, Maliro ndi Zikondwerero, amene anakhala pa unduna umenewu zaka zisanu ndi zinayi osanyamulako mwana ndi mmodzi yemwe, ngakhale wawo.

Kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi chitseko, kunakhala Mayi Felista Chikakuda, mlembi wa bwalo. Asanalowe ntchito kunyumba yachifumu anaphunzitsa sitandade wani zaka makumi awiri ndi ziwiri, moti mumzinda wonse wa Tidzaona, likulu la dzikolo, anthu ankawatchabe Aphunzitsi. Ntchito yawo inali yolemba zimene akuluakulu anena, n'kuzikonza kuti zioneke ngati zanenedwa ndi anthu oganiza.

Vuto linali ili. Tsiku limene inkalongedwa ufumu, Mfumu inalumbira pamaso pa anthu kuti pofika chaka chakhumi m'Zilibwino simudzakhala mwana wogona ndi njala, wogwira ganyu, kapena womenyedwa. Anthu anaomba m'manja mpaka zikhatho kutupa, poti zaka khumi zimaoneka kutali ukaziyang'ana uli kumayambiriro. Tsopano chikondwerero chinali chitatsala masabata asanu ndi atatu. Mendulo ya Bambo wa Ana Onse inali itasulidwa kale. Nsalu zinali zitadindidwa. Chimene chinkasokoneza dongosolo chinali chimodzi chokha: anawo.

"Ovutika alipo zikwi mazana atatu, Mwinidziko," anatero a Gwirampando. "Ufa wa phala umene uli m'nkhokwe ungakwane ana mazana awiri, akamadya mwaulemu."

"Unali wochuluka ufa uja."

"Unalidi wochuluka, Mwinidziko. Koma tinachita misonkhano khumi ndi iwiri yokambirana za njala ya ana, ndipo nkhani ya njala simungaikambe m'mimba muli pululu. Wina tinasinthitsa ndi nkhuku."

"Ndavomera," inatero nduna ina imene dzina lake lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense ankangoti a Ndavomera.

Mwadzidzidzi Mfumu inawala nkhope. Inkakonda ndagi kuposa ntchito.

"Ndagi!"

"Gize!" zinayankha nduna zonse pamodzi.

"Ana ambiri, phala lochepa, kuwonjezera phala sikutheka, koma aliyense akhute. Yankhani."

Nduna ya Misewu inati anawo abisidwe kuseri kwa phiri mpaka alendo atapita. Anaikumbutsa kuti phirilo linagulitsidwa chaka chatha, ndipo ogula anali atanyamula kale theka lake pamalole. Nduna ya Zofalitsa Nkhani inati alengeze kuti njala ndi mphekesera chabe. Anaikumbutsa kuti zimenezo analengeza kale kawiri.

Pamenepo a Gwirampando anatsokomola.

"Kodi anatiuza ndani kuti amenewa ndi ana? Alipo ali ndi chiphaso chobadwira?"

Panalibe. Mapepala a ziphaso anathera ku makalendala a nkhope ya Mfumu, kotero kuti m'Zilibwino aliyense ankadziwa tsiku limene Mfumu inabadwa, koma palibe ankadziwa lake.

"Nanga tisiyanitsa bwanji mwana ndi wamkulu?" inafunsa Mfumu.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga, koma apa panali mitu khumi ndi isanu ndipo denga linali likadali pansi.

Apa m'pamene Aphunzitsi analakwa. Zaka zambiri za m'kalasi zimasiya matenda amodzi: munthu sapirira kuona funso likungokhala lopanda yankho.

"Ife kusukulu tinkayeza ndi khutu," anatero, maso ali papepala.

"Bwerezani, mayi."

"Pepani, Mwinidziko, zangondipulumuka. Ndimati kale makolo akabwera ndi mwana wopanda pepala, tinkamuuza adutsitse dzanja lamanja pamwamba pa mutu, agwire khutu lamanzere. Akaligwira, ayambe sukulu. Akalephera, abwerenso chaka chamawa."

"Mwamva?" anatero a Gwirampando, atadzuka theka. "Wolephera ndiye mwana. Wogwira khutu si mwananso."

"Iyayi, Wolemekezeka. Wogwira khutu amakhala ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokha."

"Mwadziwa bwanji zaka zake, mayi, poti mapepala palibe?"

Aphunzitsi anaweramiranso papepala lawo.

"Ndavomera," anatero a Ndavomera.

Mfumu inakondwera kwambiri, ndipo inafuna kuonetsa chitsanzo. Inakweza mkono. Mkonowo unakwera bwino mpaka paphewa, unapumira pachisoti, kenaka unakana. Zala zinagwedera m'malere, khutu lili kutali ngati tsidya la mtsinje wodzaza. Thukuta linatsika m'mapindi atatu a khosi lachifumu. Palibe anapuma.

"Tamuonani mwana woyamba wa dziko lino!" anafuula a Gwirampando, n'kuyamba kuomba m'manja.

Nduna zonse zinayesa, zonse zinalephera, zina chifukwa cha mimba, zina chifukwa cha kukhulupirika. Nduna ya Masewero yokha, munthu woonda, inagwira khutu mosaganiza, ndipo mawa lake inachotsedwa ntchito. Za makanda amene manja awo sanatalike, bwalo linagamula kuti amenewo amayamwa, kapena ayenera kumayamwa, choncho njala yawo ndi nkhani ya amayi awo ndipo awerengedwe limodzi ndi amayiwo. Pofika masana, ana olembedwa m'dziko la Zilibwino anali khumi ndi anayi, onse a ndevu. Ufa wa phala unapita kunyumba yachifumu, ndipo unawakwana.

Lamulo la Khutu analilemba ndi Aphunzitsi, ndi dzanja lawo lokongola lija. Pothokoza, anawakweza kukhala Woyeza Makutu Wamkulu. Anawapatsa tebulo, asilikali awiri, ndi chigubu cha inki yosafufutika imene inagulidwa kaamba ka chisankho china chimene chinalephereka. Aliyense wogwira khutu, khutulo lizipakidwa inki.

Tebulolo analiika pamsika wa Gulamawa, pakati pa tomato ndi kaunjika. Woyandikana nalo anali Nangondo, mayi wogulitsa tomato amene pakamwa pake pankatsekeka pokhapokha akamatafuna.

"Aphunzitsi, wangayu wagwira khutu dzulo," anatero tsiku lachiwiri, akuloza mwana wake wa mamina. "Ndiye poti ndi bambo tsopano, akakodza pamphasa ndizimukalipira kapena ndizimugwadira?"

"Nangondo, ndili pantchito."

"Mukamaliza mudzandiyezereko mwamuna wanga. Ndikukayika. Mwina zaka zonsezi ndili pabanja ndi mwana."

Msika unaseka, mzere unasuntha. Amayi ena anachenjera, anayamba kuphunzitsa ana awo kunamizira kuti dzanja silikufika. Asilikali nawo anachenjera kuposa pamenepo. Ankamata switi pakhutu la mwana n'kumuuza kuti akaifikira ndi yake. Palibe mwana wanjala amene anapambana mayeso amenewo. Ankachoka akuyamwa switi, khutu lili buluu, amayi awo akuwatukwana njira yonse.

Wailesi ya ufumu inkalengeza zipatso za lamuloli m'mawa uliwonse. Ntchito za ana zatha: amene akupalira m'minda ya mabwana ndi anthu akuluakulu ofupika. Maukwati a ana atha: akwatibwi onse a mwezi uno anagwira khutu. Kumenya ana kwatha: zimene zikumveka m'makomo ndi ndewu za pakati pa akuluakulu, ndipo apolisi akulangiza mbali zonse ziwiri kuti zizilolerana.

"Dziko lapita patsogolo," anatero Nangondo, akupukuta tomato. "Latisiya ife pompano."

Tsiku lachisanu pamzere panafika kamtsikana kosenza beseni la mbatatesi yosenda. Aphunzitsi, amene maso awo anayeza ana zikwizikwi, anakapatsa zaka zisanu ndi zinayi. Dzina lake anali Ndaziona. Amayi ake atamwalira, atsibweni ake a Jubeki Malikebu anamutenga kumudzi kuti akamuphunzitse sukulu mutauni, ndipo sukuluyo inapezeka kuti ndi chiwaya chawo cha tchipisi kuseri kwa msika.

Ndaziona sanafune switi. Anatula beseni, anaima chilili, n'kugwira khutu mosavuta, mpaka zala kupitirira.

"Ndagwira," anatero, akumwetulira. "Amayi ankati ndikadzagwira ndidzayamba sukulu. Ndibwere liti?"

"Sukulu ndi ya ana, mayi," anayankha msilikali. "Senzani katundu wanu, mukuchedwetsa mzere."

Aphunzitsi anaviika thonje mu inki. Dzanja lawo silinanjenjemere, ndipo zimenezo zinawanyansa kuposa zonse.

Patapita masiku anayi, ntchito yawo inasamukira pachipata cha Nyumba ya Chisomo cha Mfumu. Imeneyi inali nyumba yothawirako ana ozunzidwa, yomangidwa kuti alendo a pachikondwerero adzaione. Inali ndi mabedi makumi asanu ndi limodzi, matiresi akadali m'mapulasitiki, namwino mmodzi, a Msusa, ndi mwana ngakhale mmodzi ayi. Lamulo linkati aliyense wofuna kulowa ayezedwe pachipata pomwepo. Popeza panalibe wolowa, Aphunzitsi ndi a Msusa ankangokhala pamthunzi n'kumathamangitsa mbuzi.

Dzuwa lili paliwombo, anaona Nangondo akubwera chothamanga, atabereka munthu wamiyendo yaitali kumbuyo. Pambuyo pake pankabwera mwamuna wovala epuloni yamafuta, ndi khamu la anthu a pamsika amene anasiya malonda awo kuti asaphonye nkhani.

"Tsegulani!" anakuwa Nangondo. "Amupha mwanayu!"

Anamutsitsa. Anali Ndaziona. Mkono wake wamanja unalendewera ngati si wake, utatupa pansi pa phewa. Sankalira. Ankangoyang'ana chipata.

"Wataya mafuta ophikira, botolo lathunthu," anatero a Jubeki, akupuma mwawefuwefu. "Ndangomulangiza pang'ono ndi chikuni. Ndine mwinimbumba ine. Kuongola mtengo mpoyamba."

"Mwaongola kapena mwathyola?" anafunsa Nangondo.

"Mayi inu, za banja langa zikukukhudzani chiyani?"

Msilikali wa pachipata anayang'ana khutu la mtsikanayo n'kupukusa mutu.

"Khutu labuluu ili. Ndi wamkulu ameneyu. Ngati amenyana ndi bamboyu, apite kupolisi onse awiri akapepesane."

"Mwamva?" anatero a Jubeki. "Tiye, iwe. Mbatatesi ikuda."

Ndaziona anagwira chitenje cha Nangondo ndi dzanja lake labwinolo. Aphunzitsi anayang'ana mkono wolendewerawo. Kenaka m'mutu mwawo munabwera mzere umene analemba okha.

"Dikirani," anatero. "Lamulo likuti wofuna kulowa ayezedwe pachipata pomwepo. Silikunena za inki ya sabata yatha. Ndaziona, mwanawe, dutsitsa dzanja lamanja pamwamba pa mutu, ugwire khutu."

Mtsikanayo anayesa. Mkono unasuntha pang'ono chabe, iye n'kukuwa kamodzi, mokweza, mpaka mbuzi zinathawa zokha.

"Walephera," anatero Aphunzitsi.

"Ayese ndi lamanzere," anatero msilikali.

"Lamulo likuti lamanja. Mukufuna kulisintha inuyo? Ndilembe dzina lanu, ndikauze Mwinidziko?"

Msilikali anatsegula chipata msangamsanga.

"Koma ameneyu anali wamkulu m'mawa womwe uno!" anakuwa a Jubeki.

"Mwamubweza ku ubwana ndinu, achimwene," anatero Nangondo. "Ena amapita kwa asing'anga kufuna mankhwala oterowo."

Mawa lake bwalo lachifumu linakhala mwadzidzidzi. A Gwirampando analowa nkhope ili gwa, atanyamula chikwangwani chimene chinali chitalembedwa kale kuti ANA OVUTIKA: PALIBE. Ndaziona analibe amayi oti awerengedwe nawo limodzi. Choncho chiwerengero cha ana ovutika m'dziko lonse chinali chitakwera kuchoka pa palibe kufika pa mmodzi, ndipo Nduna ya Zowerengera inati kukwera kotere sikunaonekepo chiyambire.

A Jubeki anagwada pakati pa bwalo, chipewa chili m'manja. Mfumu inawayang'ana nthawi yaitali, kenaka inamwetulira.

"Ndagi!"

"Gize!"

"Munthu uyu anamenya mwana kapena wamkulu?"

Nduna zinakangana mpaka nthawi ya phala. Ena anati chikuni chikutsika, mtsikanayo anali wamkulu, choncho palibe mwana anamenyedwa. Ena anati chikuni chitafika, anali mwana, koma apo n'kuti kumenya kutatha. Nduna ya Chilungamo inafunsa ngati panali mboni imene inaona nthawi yeniyeni imene fupa linathyoka, kuti adziwe ngati mbali yotsiriza ya chikunicho inagwera wamkulu kapena mwana. Mboni yotero panalibe. A Ndavomera anavomera mbali zonse ziwiri.

Chigamulo chinali chakuti pa mlandu womenya mwana a Jubeki alibe mlandu. Koma anapezeka olakwa pa mlandu wina waukulu, wopanga mwana wovutika popanda chilolezo, chikondwerero chili pafupi. Anawadzudzula kolimba, ndipo analonjeza kuti mtsogolo muno azilangiza malo ena, osati mkono wamanja.

"Nanga mtsikanayo?" inafunsa Mfumu.

"Achire, Mwinidziko," anatero a Gwirampando. "Achire msanga. Fupa la msinkhu umenewu limalumikizana m'masabata asanu ndi limodzi, ndipo ife tili nawo asanu ndi limodzi ndi masiku angapo. Pa tsiku la chikondwerero adzakwera pansanja, adzagwira khutu pamaso pa alendo, ndipo dziko lonse lidzaona mwana wovutika womaliza akutha."

Kuyambira tsiku limenelo, palibe mwana m'mbiri ya Zilibwino amene anasamalidwa ngati Ndaziona. Madokotala atatu a Mfumu anabwera kudzamuika chikhakha. Mazira ankabwera m'mawa, mkaka masana, chiwindi madzulo. Nduna zinavomera kumugawirako phala lawo, ngakhale zina zinang'ung'udza kuti mwana wobwera mochedwa sayenera kudya ndi ana enieni. Wailesi inkalengeza za mkonowo pambuyo pa zanyengo. Mipingo inapemphedwa kupempherera fupa.

Ndaziona anasankha bedi la pafupi ndi zenera, koma tsiku lililonse ankagonako lina, kuti akwanitse onse makumi asanu ndi limodzi. Masaya anatuluka. Anayamba kuseka mokweza, chinthu chimene chinadabwitsa iye mwini. Aphunzitsi, posowa woyeza pachipata, anatola makala n'kuyamba kumulembera zilembo pakhonde, ndipo pofika sabata yachinayi mtsikanayo ankalemba dzina lake ndi dzanja lamanzere, zilembo zopendama ngati mpanda wakale.

Nangondo ankabwera Loweruka lililonse ndi tomato wofewa.

"Wanenepa, mwali," ankatero. "Kumsikatu amayi ayamba kufunsana kuti chikuni chake chinali cha mtengo wanji."

"Nangondo, zimenezo si zoseka," anatero Aphunzitsi.

"Ndani akuseka?"

Sabata yachisanu Aphunzitsi anavala nsalu yawo yabwino n'kupita ku ofesi ya a Gwirampando. Anawapeza akuyesa suti ya chikondwerero, telala atagwada kumapazi kwawo, mapini ali kukamwa.

"Wolemekezeka, ndabwera ndi nkhani ya Ndaziona. Akagwira khutu, apita kuti?"

"Kwawo. Nyumba ija ndi ya ana."

"Kwawo n'kwa a Jubeki."

"Ndiye mwayankha nokha, mayi. Telala, apa pakuthina."

"Koma akagwira khutu ndi wamkulu. Wamkulu amasankha kokhala. Ine ndili ndi chipinda, abwere kwathu."

A Gwirampando anawayang'ana mwachisoni, monga munthu amayang'anira wophunzira amene wayesetsa koma walephera.

"Aphunzitsi, musasakanize zinthu. Lamulo lamupanga wamkulu, inde. Koma silinamuchotse m'mbumba. Pamaso pa boma ndi wamkulu, choncho boma silingamuteteze. Pamaso pa mwambo ndi mwana, choncho mwinimbumba ndiye amunenera. Ife za mwambo sitilowerera. Timalemekeza chikhalidwe chathu."

"Ndiye mwana wa mnzako ngwako yemwe, mwambo womwewo sutero?"

"Umatero. Koma mnzakoyo akakhala kuti alipo ndipo akumufuna, mumabweza."

"Ndikakana kumuyeza?"

"Amuyeza msilikali. Asilikali athu amathandizira dzanja likamachedwa. Mungakonde zimenezo, pa mkono wongochira kumene?"

Telala analavula mapini m'dzanja, anayang'ana Aphunzitsi kamodzi, n'kubwerera ku mpendero wa thalauzi.

Tsiku la chikondwerero linacha bwino, monga momwe linalamulidwira. Bwalo la masewero linadzaza. Amayi ovala nsalu za nkhope ya Mfumu ankavina, nkhopeyo ikugwedezeka kumbuyo kwawo m'njira imene tsiku lina lililonse ikanakhala mlandu. Gulu la akuluakulu ofupika, makutu abuluu, linaguba kutsogolo kwa nsanja litanyamula makasu. Mendulo inali pa pilo wofiira. Pamzere woyamba wa alendo olemekezeka panakhala a Jubeki, atavala jekete latsopano, poti pulogalamu inati mwambo ukatha mtsikanayo adzaperekedwa kwa banja lake pamaso pa anthu, gulu la zitoliro likuimba.

Kuseri kwa nsanja kunali tenti yaing'ono. M'menemo munali tebulo, Aphunzitsi, a Msusa ndi lumo lawo lalikulu, ndi Ndaziona atavala diresi loyera la mphonje limene unduna unagula. Kunja a Gwirampando anali atayamba kulankhula, ndipo mawu awo ankalowa m'tentimo kudzera m'zimkuzamawu.

"Zaka khumi zapitazo, dziko lino linali lodzaza ndi ana!"

Khamu linabuula monga linaphunzitsidwira.

A Msusa anadula chikhakha pang'onopang'ono, n'kuchitsegula ngati chikwa. Mkono unatuluka wotuwa, woonda pang'ono, koma woongoka. Anausisita, anaupinda, anautambasula.

"Ukupweteka?"

"Ayi."

"Takweza."

Ndaziona anakweza. Mkono unakwera bwinobwino, unadutsa pamwamba pa mutu, ndipo zala zinatsala pang'ono kukhudza khutu pamene iye anaubweza msanga ngati wagwira moto.

"Wachira," anatero a Msusa ndi mawu otsika. Pa zaka zawo zonse za unamwino, aka kanali koyamba kunena mawu amenewa ngati akulengeza maliro.

"Tamvera, mwanawe," ananong'ona Aphunzitsi, atagwada. "Ukakwera paja, unamizire. Ukweze pang'ono, ulire, unene kuti ukupweteka."

"Asilikali adzakoka. Ndinawaona pamsika."

"Ndidzawaletsa."

"Pamsika simunawaletse."

Sananene mwachipongwe. Ananena monga mwana amanenera kuti kunja kukugwa mvula. Aphunzitsi anakhala chigwadire.

Ndaziona anapita pakhomo la tenti n'kusuzumira. Anaona a Jubeki akupukuta nsapato ndi mpango. Anaona asilikali awiri akubwera kudzamutenga, akuyenda mogwirizana ndi ng'oma. Anabwerera patebulo.

"Atsibweni ananena kubwalo kuti sadzamenyanso wamanja," anatero. "Anesi, mwendo ukathyoka amalowa m'Nyumba muja?"

"Ayi, mwanangu."

"Mutu?"

"Ndi mkono wamanja wokha."

Mtsikanayo anagwedeza mutu, ngati munthu amene wamaliza samu yovuta ndipo yankho latuluka lopanda chotsala. Anakwinya dzanja la diresi loyera lija mpaka paphewa kuti lisade. Anagoneka mkono wake m'mphepete mwa tebulo, pamene panali pakuthwa, malo othyoka aja ali pamwamba. Ndi dzanja lamanzere anakankhira kwa Aphunzitsi mpando wachitsulo wopinda umene unali pambali.

Kunja zitoliro zinayamba. Mawu a a Gwirampando anagwedeza tenti.

"Ndipo tsopano, Mwinidziko, alendo athu olemekezeka, amayi ndi abambo, tikubweretsereni mwana wovutika womaliza wa dziko la Zilibwino!"

Msilikali anakweza nsalu ya pakhomo. A Msusa anali chiimire, lumo lili m'manja. Ndaziona sanayang'ane msilikaliyo. Anayang'ana Aphunzitsi.

"Muthyola ndinu, kapena ndithyole ndekha?"